Matumba Atatu a Umboni

M'mudzi wina waukulu, umene eni ake ankautchula kuti dziko pa masiku a zikondwerero, munali Olemekezeka a Zuzeni Mkwapatira, Nduna ya Mitengo, Mithunzi ndi Mpweya wa Mibadwo Yam'tsogolo. Anthu amati nduna imeneyi inabzala mitengo chikwi. Kumeneko n'kukokomeza. Inabzala kasanu ndi kawiri, chaka chilichonse m'dzenje lomwelo, ojambula ali pomwepo.

Chaka china nduna inaletsa makala. Inalengeza pabwalo la mpira kuti aliyense aziphikira magetsi, ndipo anthu anaomba m'manja, ngakhale magetsiwo anali m'nyumba zowerengeka, momwenso ankangobwera Lachiwiri ndi Loweruka ngati mlendo wodutsa.

A Layisoni Gwedeza sanamve chilengezocho chifukwa tsikulo anali kuphiri akuphula makala awo. Anali munthu wa mawu ochepa, wa ana asanu ndi njinga imodzi. Njingayo inali yakale, keriyala yake yowotcherera kawiri, koma ndiyo inkadyetsa banja, ndiyonso inkanyamula aliyense wodwala pakhomopo kupita naye kuchipatala.

Lachisanu m'mawa anafika pachipata cha apolisi akukankha matumba atatu.

"Izi n'chiyani, madala?" anafunsa wapolisi.

"Makala, bwana."

"Mwanena nokha. Tsamizani njingayo apo."

Patapita sabata, a Gwedeza anapita wapansi kukhoti kukafunsa za njinga yawo. Kalaliki wa khotilo, a Nkhwazi, anawafotokozera mofatsa.

"Njinga idzatuluka mlandu ukatha. Mlandu udzatha umboni ukaunikidwa. Umboni ukuunikidwa kunyumba kwa Olemekezeka."

"Umboni wake uti?"

"Matumba anu atatu aja. Chinthu chikalowa m'manja mwa boma chimasintha dzina, bambo."

A Gwedeza anaganiza zokaona okha pomwe kuunikako kwafika. Nyumba ya nduna sinavute kupeza, chifukwa mababu onse a pampanda ankayaka masana dzuwa likuswa mtengo. Kuseri jenereta inkalira ngati chigayo, utsi wake wakuda n'kumagwera kwa oyandikana nawo. Mlonda atamva mawu oti umboni anatsegula geti msanga, poganiza kuti umboni wina wafika.

Kuseri kwa khitchini anapeza mayi wophika, a Nasiyani, akukupiza mbaula zinayi.

"Ndinu eni matumba a Lachisanu aja? Khalani pansi, bambo, ndikuthokozeni. Umboni wanu ndi wabwino. Suthetheka, sufuka, ndipo nyemba zimapsa osawonjezera. Wa sabata ija unali wa mango, phulusa lokhalokha."

"Nanga chitofu chamagetsi chomwe amanena pawailesi chija?"

"Chilipo. Timasungiramo mbale. Bwana akuti nyemba zophika pamagetsi zimanunkha waya."

A Nasiyani anawalowetsa pabalaza. Munkazizira ngati m'mtsuko, chifukwa makina awiri oziziritsa mpweya ankagwira ntchito, ngakhale unali mwezi wa Juni. Nduna inali itavala chikhoti, mapazi itayandikiza pambaula yachisanu, ikulemba zokalankhula pa Tsiku la Mitengo.

"Kodi ukudziwa kuti mtengo ndi moyo?" inafunsa osadzutsa mutu.

"Ndikudziwa, bwana. Ndimafuna njinga yanga."

"Mibadwo yam'tsogolo idzapuma chiyani?"

"Sindikudziwa, bwana. Ya kunyumba kwanga ikufunsa za chakudya cha mawa."

Nduna inaona kuti mawuwo ndi okoma, ndipo inawalemba papepala lake.

"Komanso, bwana," anatero a Gwedeza akuloza mbaula, "awa mukuothawa ndi makala anga."

Apo nduna inadzutsa mutu. "M'nyumba muno simunalowepo makala. Uwu ndi umboni, ndipo ukuunikidwa. Ungaudziwe bwanji umboni osauyatsa?"

A Gwedeza anabwerera kwawo ataganiza chinthu chimodzi: akangovomera mlandu, alandire chilango, atenge njinga. Tsiku la mlandu anavala jekete ya kutchalitchi, ndipo woweruza, Mayi Chikadza, asanamalize kuwerenga, iwo anaimirira.

"Ndikuvomera. Anali makala."

Woweruza anavula magalasi.

"Bambo Gwedeza, ganizani bwino. Zomwe munanyamulazo zili kuti?"

"Zinapsa kunyumba kwa Olemekezeka."

"Ndiye mukanena kuti anali makala, mukunena kuti Olemekezeka amaphikira makala. Kumeneko n'kunyoza nduna, mlandu waukulu kuposa uwu. Khoti silingakuloleni kuvomera."

"Chabwino, ndikukana."

"Simungakane. Munagwidwa nawo."

A Gwedeza anakhala pansi, popeza panalibenso chachitatu choti anene. Kenaka a Nkhwazi analowa atanyamula beseni la phulusa ndi kalata yochokera kwa nduna. Kalatayo inati umboni wonse waunikidwa mosamala, m'mawa, masana ndi madzulo, koma zotsatira zake sizikumveka bwino. Panafunika umboni wina, wa mtundu womwewo, wochokera kwa munthu yemweyo.

Woweruza analamula kuti mlandu uime mpaka woimbidwa mlandu atabweretsa matumba ena atatu.

"Ndiwanyamula pamutu?" anafunsa a Gwedeza.

Khoti linaona kuti funsolo n'lanzeru. Linagamula kuti boma liwabwereke njinga yawo, pamodzi ndi kalata ya chidindo yowalola kudutsa pachipata. Anasainira, nalonjeza kuti katundu wa boma amusamalira.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse a Gwedeza ankadutsa pachipata ndi matumba atatu, wapolisi yemwe uja n'kumawapatsa sawatcha. Lolemba lililonse kalata inkafika kukhoti yonena kuti zotsatira sizikumvekabe. Nduna ya Mitsinje ndi Nduna ya Mitambo, poona kuti mnzawo ntchito yamuchulukira, zinadzipereka kuti zithandize kuunika, ndipo matumba anakwera kufika pa asanu ndi anayi. A Gwedeza ankayenda maulendo atatu. Thumba lakhumi ankaligulitsa kumsika, kumene amayi anali ataphunzira kale chilankhulo cha boma. "Mutipimire umboni wa chidebe chimodzi," ankatero, ndipo panalibe wogwidwa.

Tisawanamizire a Gwedeza kuti sankaona. Anaona muwanga ukutha kuphiri, kenaka misuku, kenaka kasupe yemwe akazi awo ankatungako madzi anasanduka mchenga. Kawiri konse anapita kwa a Nkhwazi kukapempha kuti mlandu uthe, iwo ayambe kunyamula anthu panjinga ngati anzawo.

"Njinga ya boma sinyamula anthu," anatero a Nkhwazi. "Imanyamula umboni. Mukasiya, ibwerere kuno."

Choncho anapitiriza. M'chaka chachinayi anadula mitengo ya mango yomwe bambo awo anabzala, ndipo a Nasiyani anadandaula.

"Bambo Gwedeza, mwayamba chinyengo? Bwana akuti umboni wa masiku ano ndi wofooka. Dzulo anadya nyemba zosapsa asanapite kumsonkhano wa zanyengo."

Lachisanu lotsatira, a Gwedeza anakwera phiri ndi nkhwangwa yawo, nalizungulira mpaka dzuwa linapendeka. Anapeza zitsa, miyala ndi mbuzi imodzi yomwe inkafunafuna mthunzi. Anapita kukhoti ndi njinga yopanda kanthu.

"Mitengo yatha," anauza woweruza.

"Yonse?"

"Watsala wa Olemekezeka uja. Koma sunafike m'bondo."

Mayi Chikadza analemba kwa nthawi yaitali, kenaka anawerenga chigamulo. Khoti linapeza kuti pa zaka zinayi palibe yemwe anaonetsa khala ngakhale limodzi. Choncho mlandu wa a Layisoni Gwedeza unathetsedwa chifukwa chosowa umboni. Njinga inabwezedwa kwa mwini wake, matayala atatha, ndipo kalata ya chidindo inabwerera kuboma.

Mwezi womwewo Olemekezeka a Mkwapatira analandira mendulo, chifukwa m'mudzi monse munalibenso munthu wootcha makala. Polandira, anafunsa khamu kuti mibadwo yam'tsogolo idzadya chiyani mawa, ndipo ena analira. Mwambowo unafupikitsidwa chifukwa panalibe pobisala dzuwa.

A Gwedeza ankapalasa njinga yawo kubwerera kumudzi pamene galimoto yaikulu ya boma inawapitirira, itadzaza matumba mpaka pamwamba, ikuchokera kumudzi woyandikana nawo, kumene phiri linali likadali lobiriwira. Pambuyo pa matumbawo panamangiriridwa njinga, ndipo munthu wina wovala nsapato za matayala ankaithamangira akukuwa.

A Gwedeza anaima namudikira kuti afike.

"Achimwene, musathamange," anamuuza. "Njingayo akubwerekani."