Nkhondo ya pa Chipilala

Kumbukirani, inu obadwa dzulo, nyengo ija pamene mphunzitsi ankaopedwa ngati mphenzi, choko chinkalemba osathyoka, ndipo lumbiro la munthu linkalemera kuposa thumba la simenti. M'masiku amenewo, m'chipinda chapansi pa nyumba ya sayansi, anyamata atatu tinaumba chipilala chofika pathanthwe, tinakhazikapo makina omvera zivomerezi, ndipo tinalumbira manja ali m'mwamba kuti pachipilalapo sipadzaikidwa kanthu kena, ngakhale kapu, ngakhale chipewa, mpaka imfa. Kenako ine ndinapita kunja kukaphunzira zaka ziwiri, zomwe zinasanduka makumi atatu.

Pobwerako ndinapeza mtengo wa pakhomo ataudula, laibulale ikugulitsa mayunitsi a foni, ndipo anzanga awiri aja ali pankhondo.

Mbali ino kunali Chimng'alu, Womva Kutsokomola kwa Miyala, Mkango wa Masamu, amene anadikira moyo wake wonse kuti dziko ligwedezeke pansi pa makina ake, koma dziko, mwa mwano wake, linkangogwedezekera anthu a kwina. Mbali inayo kunali Kamphepo, Mdani wa Thukuta, Mwini Fani ya Mapiko Atatu, amene mlongo wake anakwatiwa ndi Chimng'aluyo, moti awiriwa ankanyozana mwaulemu, mawu alionse oluma atavekedwa chipewa cha "alamu".

Ntchito yathu ndi iyi: pa mizere yokhotakhota imene makina ajambula timafufuza pamene mafunde ofulumira ayambira kufooka, ndipo malo amenewo amatiuza kukula kwa mng'alu ndi mphamvu imene thanthwe lataya pothyoka. Ukaphonya pang'ono, yankho limatupa ngati chule.

Tsono chaka chimenecho makina anayamba kujambula tizivomerezi tambirimbiri. Chimng'alu anakokera mpando wake pafupi ndi chipilala, nawerengera, napeza zodabwitsa: timing'alu tosaposa chitseko, koma totaya mphamvu yoti mabuku onse sanaionepo. Anaitanidwa kuti akalankhule pa msonkhano waukulu wa akatswiri, woyamba m'moyo wake. Anagula suti.

Pamenepo Kamphepo, akupukuta m'khosi, anati, "Alamu, zivomerezi zanuzi n'zaulemu. Loweruka zimapuma. Nkhomaliro ikakwana zimapitanso kukadya."

Chimng'alu anaimirira monga amaimirira mafumu a m'mabuku akale mzinda ukazingidwa, naloza fani, nalengeza kuti: "Ngati muli bodza m'mizere yanga, walilowetsa ndi mfiti ya mapiko atatu iyi. Ichoke m'chipinda muno lero, apo ayi ndichoke ndine, ndipo mbiri idzaweruza."

"Fani yanga sichoka," anatero Kamphepo. "Muno mumatentha ngati m'thumba la wakuba. Mukufuna mlongo wanga adzalire maliro a mchimwene wake wophikidwa?"

Nkhondo inakula. Pulagi inazulidwa, inabwezedwa, inabisidwa m'dirowa, inapezeka. Alembi a m'maofesi a pamwamba anagawikana, ena a Fani, ena a Mng'alu, ndipo pamasitepe anthu anasiya kupatsana moni. Ine anandisankha kukhala woweruza, poti ndinaona zipinda zoyezera za kunja, kumene zoterezi sizichitika chifukwa anthu ake salankhulana n'komwe.

Tsiku la chiweruzo ndinalamula kuti fani izimitsidwe. Mapiko atatu anazungulira komaliza, naima. Tinadikira, thukuta likuyenderera, maso pa kompyuta. Chimng'alu anakhala pampando wake wa pachipilala, nkhope ngati mkulu wa asilikali woyembekeza mbendera yoyera.

Ndipo taonani, dziko linagwedezeka. Mzere unavina kuposa kale.

"Mwaona, alamu?" anatero Chimng'alu. "Popanda fani yanu thanthwe likulankhula momveka. Ichi chokha n'chachikulu kuposa zonse."

Kamphepo anadzuka pang'onopang'ono, nayenda mtunda wonse wa pakati pa magulu awiri ankhondo, womwe unali ngati utali wa tebulo, nagwada, naika dzanja lake pa bondo lamanja la mlamu wake.

Mzere unagona, wowongoka ngati ulusi.

Anachotsa dzanja. Bondo linayambanso kudumphadumpha lokha, chidendene chikugogoda pansi, ndipo mzere unavina. Anabwezeranso dzanja. Bata.

"Mlongo wanga anandiuza kalekale," anatero Kamphepo mofatsa. "Akuti mukasangalala, tiyi amatayika patebulo. Mukamawerengera masamu, ana amagwira makapu."

Palibe buku la mbiri limene ndinawerenga, ndipo ndawerenga ambiri m'nyengo zozizira za kuchilendo, lofotokoza kugwa kwa ufumu mwakachetechete chotere. Chimng'alu anayang'ana bondo lake nthawi yaitali, monga mfumu iyang'ana mwana wake woukira.

"Suti ija ndadulitsa kale miyendo," anatero. "Sangailandirenso."

Apa Kamphepo anaonetsa ukulu umene sindinkauyembekeza mwa munthu woopa thukuta. "Alamu, dzina lanu ndi dzina la adzukulu a mayi anga. Kumsonkhano mupita, suti muvala. Mukanene kuti mwatulukira mmene fani imanamizira makina. Mlandu wonse iusenze ndi fani yanga. Koma ikhala muno, ikuzungulira, mpaka tonse tidzapume pantchito."

"Izizungulira pa nambala wani," anatero Chimng'alu.

"Pa thuu."

"Pa thuu, koma isandiyang'ane."

Motero pangano la mtendere linamangidwa. Fani, yopalamula yosalakwa, anaiveka tayi ya suti ija, ndipo inkapukusa mutu uku ndi uku ngati nduna yolandira ulemu. Pansi pa phazi la Chimng'alu anayalapo pilo. A m'maofesi a pamwamba anatsika ndi mabisiketi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, napeza matebulo onse atadzaza mapepala a zivomerezi za bondo.

Mabotolo athu atatu tinawaika pachipilala.