Kwaya ya Sabu A

Lolemba
Kwacha ndi nkhungu. Njiwa zikulira m'mango, sitima ikufwenthera pa Lirangwe. Aphunzitsi a Nampinga andipatsa ana khumi ndi awiri a kalasi yoyamba, Sabu A, kuti ndiwaphunzitse nyimbo ya Chingerezi. Lamulungu akaimbira Dona wa mishoni ku Chileka. Aphunzitsi akuti, "Zikayenda bwino, kalata yako ya sekondale ndilemba." Ndasema kandodo koimbitsira.

Lachiwiri
Ndikukweza kandodo. Onse agwira matako! "Sitinalakwe, achimwene!" Awiri athawa, sanabwerenso. Kandodo ndakataya m'chimanga.

Lachitatu
Nyimbo ya Dona imafuna kuima njo, manja kumbuyo. Zofuna anawo:
ana Achilomwe: ng'oma, ndi kuponda fumbi
Asiyatu ndi azing'ono ake awiri, Achiyao: kuwombana m'manja
Mailosi: kulira ngati ndege ya ku Chileka
Wofuna kuima njo: ine ndekha.

Lachinayi
Ndalemba timabwalo pansi, aliyense aime m'kake. Mapazi aima. Ziuno ayi! Amayi opita kuchitsime atula ndowa, akuimba nthungululu. "Vinitsa, mwana wa a Likhucha, vinitsa!" Mmodzi mwa iwo ndi amayi anga. Maso ndilibe poika.

Lachisanu
Bambo a Asiyatu afika pa njinga. "Za tchalitchi ayi, aphunzitsi aang'ono, pepani." Atenga atatu awo. Ndi okhawo amene amadziwa mawu. Atsala asanu ndi awiri.

Loweruka
Ndikuwanyengerera ndi nzimbe. Akutafuna. Ndikuti imbani. "Pakamwa padzaza, achimwene." Tagwira mzere woyamba basi.

Lamulungu
Tapita pa lole ya mishoni. Dona pampando, kamwana kake pambali, tchalitchi chadzaza. Mzere woyamba, bwinobwino. Wachiwiri, zii. Mailosi wayamba kumenya benchi. Onse akuvina! Kamwana ka Dona katsika, nakonso kakudumpha, nsapato m'manja. Ine ndaima njo, manja kumbuyo, ndikuimba Chingerezi ndekha mpaka kumapeto, mawu akusasa. Dona akufunsa aphunzitsi ngati mnyamata wamtaliyo akudwala.

Ndafunsa aphunzitsi za kalata. "Tiona chaka chamawa."

Tabwerako dzuwa likupendeka: aphunzitsi kutsogolo ndi dalaivala, ana asanu ndi awiri akuimba zawo, ndi ine, kumbuyo kwenikweni, pa tayala la sipeya.