Galimoto Yokana Apongozi

Pali nkhani zina zimene mwamuna amayenera kupita nazo kumanda, koma iyi akazi anga anaifalitsa kale mumpingo monse, ndiye bola muimve kwa mwini wakene.

Ndili ndi kagalimoto kakale, kamene kanafika m'manja mwanga katatopetsa kale anthu angapo. Ndimakhala ku Area 12 (musafunse zambiri, nyumba yake ndi ija ya kuseri, koma geti timalowera limodzi ndi eni ake). Galimotoyi inali isanandichititsepo manyazi mpaka Okutobala wina, pamene apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Mitundu kudzaonetsa miyendo yawo pachipatala china ku City Centre. Ntchito yowaperekeza inali yanga, ndipo ndinailandira ndi manja awiri, poti mkamwini sapeza kawirikawiri mpata wooneka ngati munthu.

Tsiku loyamba ndinatsuka galimoto mpaka matayala. Amayi anakhala kumbuyo, mwana wawo kutsogolo. Ine ndinatseka magalasi n'kudina kabatani ka eyakoni. Chinthu chimenechi pakhomo panga sichiyatsidwa wamba, chimamwa petulo, ndipo akazi anga ndi ana amadziwa kuti mphepo yawo ndi ya pawindo. Koma apongozi, dzuwa likuswa mtengo chonchija, ungawasiye azidzikupiza ndi chitenje?

Tisanapite patali, galimoto inayamba mwano. Ndikaponda moto inkangolira osathamanga, kenako n'kudzidzimuka, kuthamangako pang'ono, n'kufookanso. Wakabaza wina, atakweza mayi ndi dengu la tomato, anatipitirira n'kuticheukira momvera chisoni.

"Yatani kodi?" anafunsa akazi anga.

"Injini sinatenthe bwino," ndinayankha. (Mu Okutobala, anthuni, phula likusungunuka.)

Madzulo ndinapita nayo ndekha ku Area 2 kwa a Saidi, makaniko wanga wa zaka zambiri. Njira yonse, mawindo ali pululu, inauluka ngati yatsopano. A Saidi anaizungulitsa tauni, chigongono chili pawindo, n'kubwera akupukusa mutu.

"Bwana, galimotoyi ilibe mlandu. Koma poti mwabwera kale, tisinthe mapulagi."

Mawa lake amayi atakwera, matenda anabweranso. Tinasintha fyuluta ya mafuta. Sizinathandize. Tinasintha pampu ya mafuta. Ayi ndithu. Mnzanga wa kuntchito anati ndinathiridwa petulo wamadzi, ndiye ndinakagula kabotolo ka mankhwala otsukira injini kwa mkulu wina pafupi ndi msika wa Tsoka, amene analumbira kuti ngakhale thalakitala yakufa imadzuka nako. Galimoto inamwa mankhwalawo bwinobwino n'kupitiriza khalidwe lake. Kwa a Saidi inkafika ili yamphamvu, ngati mwana amene malungo amamuthera pakhomo pa dokotala.

Tsiku lina a Saidi anakhala pa tayala n'kunena kuti, "Bwana, Mulungu akundiona, sindikufuna kukudyerani. Tandiuzani, ikamachita zimenezi mumakhala mutanyamula chiyani?"

Ndinaganiza kanthawi. "Apongozi."

A Saidi anapukuta manja pang'onopang'ono. "Zimenezo ndiye si za sipanala."

Lero ndikudziwa kuti ankangocheza. Koma mawuwo anandilowa. Ine ndine munthu wopita kusukulu, ndimaimba kwaya, zamatsenga sindizikhulupirira (masana). Komabe taganizani: amayi ndi ochepa thupi, thumba la chimanga likuwaposa. Nanga chinkalemera n'chiyani? Ndinayamba kuyang'anitsitsa kachikwama kawo kansalu kamene sankakasiya pansi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti munali mapiritsi ndi mtedza wokazinga.

Ndiye ndinaganiza zofufuza mwasayansi. Tikubwerera kuchipatala, pa kamtunda kolowera kwathu, galimoto inafooka monga mwa masiku onse. Ndinaima pambali.

"Amayi atatsikako pang'ono, ndione kanthu."

"Atsike ndani?" anatero akazi anga.

Koma amayi, munthu waulemu, anali atatsegula kale chitseko. Anakaima pamthunzi atatsamira ndodo yawo, mwana wawo n'kuwatsatira. Ine, poona kuti mlendo watsika, ndinazimitsa eyakoni osaganiza n'komwe (petulo satola pansi) n'kuponda moto. Galimoto inalumpha ngati mbuzi yoduka chingwe. Ndinakatembenukira pamwamba pa mtunda, n'kubwera mano onse ali pamtunda.

"Mwaona nokha!" ndinakuwa pawindo. "Amayi akangotsika ikuyenda!"

Mlonda wa pageti lapafupi, amene ankadya chinangwa, anasiya kutafuna.

M'mawa ndinapeza amayi atamanga katundu wawo m'chitenje. Monga mwa mwambo, sanalankhule ndi ine mwachindunji.

"Iwe Nabanda," anauza mwana wawo, "uwauze abambo kuti ndathokoza. Miyendoyi ndikaiona kwathu konko. Ndisawaonongere galimoto."

Akazi anga anandikokera kuchipinda. "Bambo a Chisomo, amayi akakwera basi lero, inenso ndili pambuyo pawo. Mukafotokoze nokha kwa ankhoswe kuti mayi anga ndi mfiti ya mainjini."

Apa m'pamene mtima unandiwawa zenizeni. Mayi amene anandilandira ndilibe ngakhale njinga, lero ankasiya chipatala pakati chifukwa cha pakamwa panga. Ndinagwada, ndinapepesa, koma chimene anavomera n'chakuti ndiwaperekeze kudepoti basi.

Tinanyamuka. Ine, pofuna kukonza zinthu, ndinatseka magalasi n'kuyatsa eyakoni mpaka pamapeto, kuti mwina ulemu ungafufute mwano. Galimoto inayamba kukwawa. Ndinkapemphera chamumtima kuti lero lokha indichitire chifundo, koma iyo inkachita ngati ikundiikira umboni.

Tikuyandikira ku Old Town, amayi anatsokomola.

"Nabanda, poti ndikupita, ndinene. Uwapemphe abambo azimitse chimphepo chawochi. Masiku onsewa ndakhala ndikupirira poopa kunyoza ulemu wawo, koma chimandilowa m'mafupa. Pofika kuchipatala miyendo imakhala ngati si yanga."

Ndinadina kabatani kaja. Galimoto inatutumuka n'kuthamanga, mpaka ndodo ya amayi inagwa.

Akazi anga anandiyang'ana. "Tayatsaninso."

Ndinayatsa. Inafooka.

"Zimitsani."

Inauluka.

"Yatsani."

Anandichititsa zimenezi mpaka pamlatho, ngakhale nkhani inali itamveka kale paulendo woyamba. Kenako ndinamva kamawu kakang'ono kuchokera kumbuyo: "Kani wolemera sindine?" Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine sindinaseke. Ndinazungulira pa raundabauti n'kulowera kuchipatala ku City Centre, ndipo palibe anandiletsa.

A Saidi atamva, anagwira pakamwa. Anati makina a eyakoni anali atayamba kulimba: akaluma ankakoka injini yokalambayo mpaka kutha mpweya, akasiya galimoto n'kupeza mphamvu.

"Bwanji simunanene kuti mumaiyatsa?"

"Simunafunse."

"Ine ndinkayesa inafa kalekale, bwana. Zaka zonsezi sindinakuonenipo mutatseka windo."

Anangomasula kawaya kamodzi ka eyakoniyo, matenda n'kutheratu. Amayi anamaliza chipatala chawo mawindo ali otsegula, miyendo n'kupeza bwino. Adokotala akuti ankadabwa kuti mankhwala ayamba bwanji kugwira ntchito mwadzidzidzi.

Banja langa lilipo, koma mlandu sunathe. Mpaka lero amayi akabwera, amaima pachitseko cha galimoto n'kufunsa mwaulemu wonse, anthu akumva, "Nabanda, tawafunsa abambo, lero ndikwere? Sindilemera?"

Ndinaphunzira kuti galimoto ikadwala, munthu uziyamba wayang'ana chala chako usanayang'ane kumpando wakumbuyo. Phunziro limeneli ndinaligwiritsa. Kungoti masiku ano kwayamba kumveka kaphokoso kena kutayala lakumanzere, ndipo kamangomveka ndikanyamula mlamu wanga. Sindinanene kanthu kwa aliyense. Ndikungomuyang'ana.