Munthu Amene a Yoramu Ankamuyimba

Pa Nsipe aliyense ankadziwa kuti malemu a Yoramu Ngozo ankayimba nyimbo zodzudzula, koma wodzudzulidwayo sankadziwika. Ngakhale eni ake nyimbozo sankamudziwa.

Anali mkulu wamtali, wobwera ku migodi ya ku Joni ndi banjo ndi chipewa basi. Matipate itafika, anthu atayamba kulankhula momasuka, iwo anati nawonso ali ndi mawu. Anakwera basi ya ku Blantyre kukajambula kaseti yawo yoyamba, imvi zili mbuu. Mbali imodzi inali ya nyimbo za ngoma ndi zaukwati, inayo ya zodzudzula. Koma ali mu situdiyo anasokoneza mapepala, moti nyimbo yolira mtengo wa feteleza inakathera pa kulangiza mkwatibwi kuti azilemekeza apongozi.

"Nanga mukudzudzula boma kapena mkwatibwi?" anafunsa wojambulayo.

"Onse amve. Pitirizani."

Nyimbo imene inatchuka inali yakuti "Wadya Wekha Iwe". Inalira m'minibasi zonse za mumsewu wa M1. Sabata isanathe, tcheyamani wa pamsika anafika pakhomo pawo atakwinya nkhope.

"Achikulire, mwandiyimba ine?"

"Kodi inu munadya nokha?"

"Ayi!"

"Ndiye si inu. Kapena ndinu. Taimani ndifunse mayi."

Akazi awo, a Sellina, anatuluka lichero lili m'manja. "Mukundifunsa ine? Achimwene anga anasiya kuponda pano poyesa kuti mukunena za nkhumba ija anamaliza pa Khirisimasi!"

Tsiku lomwelo kunabweranso mkulu wa mpingo, ndi wogula mbatata ya kachewere wina wa sikelo yokayikitsa. Atatuwo anakhala pa benchi imodzi, aliyense akulumbira kuti si iye. Pofika masana anali akukangana, aliyense akuti ndi iye, poti nyimboyo inali itamveka mpaka ku Lilongwe. A Yoramu ankangogwedezera mutu aliyense amene walankhula.

Nthawi ya chisankho zipani ziwiri zinawaitana tsiku limodzi. Anapita konseko, nayimba nyimbo yomweyo, ndipo konseko anthu anawomba m'manja akuloza mbali inayo. Anabwerera ndi zitenje ziwiri zosiyana mitundu, a Sellina n'kusoka makatani.

A Yoramu atagona ndi matenda ndinapita kukawazonda.

"Ndiuzeni ine ndekha," ndinatero, "munkanena ndani?"

Anayang'ana kudenga. "Tsiku ndinkapeka lija ndinali nditakwiya zedi, mwana wanga. Mkwiyowo ndikuukumbukira bwino. Munthuyo ndiye wandithawa."

Kaseti yachiwiri sanajambule. Masiku ano zinthu zikavuta, anthu pamsika amang'ung'udza aliyense payekha, n'kubwerera kukaunjika tomato wawo. Palibenso amene amathamangira pakhomo pa mnzake, thukuta lili kamukamu, kukafunsa ngati wayimbidwa. Kale pa Nsipe tinkachita manyazi tonse pamodzi. Tsopano wodya yekha amadya mwamtendere.