Makala Opaka Polishi

Inu, sunthani pang'ono ndikhale, basi imeneyi sibwera msanga. Mwandiona ndikuyang'ana chimbudzi cha pa siteji pano ngati munthu wosirira galimoto ya mnzake, koma musandiseke. Kwanga kulibe chimbudzi, ndipo amene anandilanda malo ake ndi anthu oti anafa kalekale.

Zinayamba ndi mwana wanga wamkazi. Anapeza mnyamata, ndipo makolo a mnyamatayo anatumiza mawu kuti adzabwera kudzationa. Mayi a kunyumba atamva, sanadandaule za mipando kapena makatani ayi. Anangoloza chimbudzi chathu, chimene chinali chitapendekeka ngati woledzera.

"Bambo a ana, alendo asanafike ndikufuna chatsopano."

Ine ndine telala, ndipo telala sataya kachigamba. Ndinati njerwa za chakalecho, malata ake ndi chitseko, zonse zigwira ntchito pa chatsopano. Ndinachigwetsa tsiku lomwelo n'kuchikwirira, dzenje latsopano lisanayambe n'kukumbidwa komwe.

"Nanga pakadali pano tizipita kuti?" anafunsa mayi.

"Kwa a Kalipentala. Ndi masiku ochepa chabe."

A Kalipentala ndi aneba athu, ndipo chikanganirane nkhani ya nkhuku zawo tinkangopatsana moni wa pamphuno. Kuvomera anavomera, koma kiyi anakoleka m'khosi mwawo. Ukafuna kudzithandiza uyambe wagogoda, upereke moni, ufunse za ana, umve za nyamakazi yawo, kenako unene chimene wabwerera, uku miyendo utaipingasa.

Wokumba dzenje atafika m'chiuno anayamba kutulutsa mapale ndi makala. Wina anajambula pa foni, nkhani inayenda, ndipo tsiku lina pageti panaima galimoto. Munatsika mayi wa chipewa chachikulu, akuti ndi dokotala, osati wa jakisoni koma wa zinthu zakale.

"Bambo, dzenjeli liyambe laima," anatero Adokotala. "Pano pankakhala anthu kale. Tikufuna kudziwa kuti ndi liti."

"Mukafunsa ndani, poti eni ake anafa?"

"Tifunsa makalawa."

Anandifotokozera, ndipo inenso ndikufotokozereni, mwina mutsike basi muli ophunzira. Mtengo ukakhala wamoyo umakoka mumpweya kanthu kena kotchedwa kaboni. Ukadulidwa umasiya kukoka, ndipo mtundu wina wa kaboniyo umayamba kuchepa pang'onopang'ono. Kunja kuli makina oyeza amene watsala, n'kunena kuti mtengowo unafa liti.

"Ndiye zili ngati shuga wa m'nyumba ya ana," ndinatero. "Ukaona wotsala m'chitini umadziwa tsiku limene unagula."

"Bambo, mwamva kuposa ophunzira anga."

Mawu amenewo ndi amene anandiwononga. Kuyambira pamenepo ndinkasoka zigamba nditavala tayi. Aliyense wobweretsa thalauza ndinkayamba ndapita naye kuseri kwa nyumba kukamuonetsa dzenje. Ndinkati pamenepa panali khitchini ya mfumu. Palibe anandiuza za mfumu, koma tanenani inuyo, munthu wamba angasiye makala ambiri chonchija osawagwiritsa ntchito?

Adokotala ankatola makalawo ndi kasupuni, osawakhudza ndi dzanja, n'kumawakulunga m'pepala lonyezimira lija lokulungira chakudya. Anandisungitsa bokosi lake m'chipinda changa chosokera kuti adzalitenge m'mawa. Ine ndinangoti ndisuzumire. Abale, makala ake otuwa, afumbi, ngati ana amasiye. Ndipo ameneyu ndi katundu woti akwere ndege, akafike kwa eni makina, akatchule dzina la pakhomo panga. Ine amene mwana wanga sanapitepo kusukulu ndi nsapato zotuwa, ndinamva manyazi. Ndinatenga bulashi ndi polishi wakuda, limodzilimodzi, mpaka anawala. Ndinawakulunganso bwinobwino, kuposa mmene anachitira eni ake.

Tinadikira. Alendo tinawauza kuti mayi adwala. Kenako kuti ine ndadwala. Kenako kuti denga likudontha, m'chilimwe. A Kalipentala anafika pomadziwa za m'mimba mwathu kuposa chipatala.

"Lero kachiwiri, aneba?" ankatero. "Mwadya chiyani?"

Adokotala atabweranso, nkhope inali yosokonezeka.

"Makina akuti makala aja ndi akale kwambiri moti sangathe kuwawerengera zaka. Akuposa mapale amene anagona nawo limodzi ndi zaka zikwi makumi angapo. Sizingatheke. Kodi alipo anawagwira?"

"Kugwira ayi," ndinatero monyadira. "Ndinangowasamalira pang'ono, asakatichititse manyazi kunja."

Nditatchula polishi, mayi uja anakhala pansi pa ndowa yovundikira, chipewa n'kuvula. Akuti polishi amapangidwa ndi mafuta a pansi pa nthaka, amene kaboni wake woyezedwa uja anatha kalekale. Makina aja anayeza polishi wa nsapato zanga. Anafunika kutola makala ena, pamodzi ndi tinjere tambirimbiri timene ankatipeza posefa dothi, ndipo ulendo uno bokosi analinyamula pamiyendo.

Mayi a kunyumba sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoti, "Walira mvula walira matope," n'kupita kukagogoda kwa a Kalipentala.

Matenda onamizira anatithera, ndipo alendo anabwera. Bambo a mnyamatayo, oti akhale asewere anga, anali munthu wa suti, wamimba yake, wolankhula modekha. Nzeru yanga inali yoti tiwapatse tiyi theka la kapu, ndiwatangwanitse ndi mbiri yakale, anyamuke chilichonse chisanawavute. Koma mayi a kunyumba anati mlendo sangachoke ndi njala, ndipo anaphika ngati akudyetsa mpingo. Bambo aja anadya, anawonjezera, anamwa tiyi, anapemphanso wina. Kapu iliyonse ine ndinkangoiwerenga.

Ndinathamangira kukabati n'kutulutsa kasosala. Munali tinjere tija, timene ndinatola pamulu wa dothi losefasefa n'kusunga kuti ndizionetsa alendo olemekezeka.

"Izi, bambo, ndi zimene inkadya mfumu ya pano."

"Zoona? Kodi zikadali ndi kukoma?"

Munthu sungabwerere m'mbuyo pamaso pa asewere. Ndinaponya kamodzi m'kamwa n'kukukuta. Nawonso anatenga, akazi awo anakana.

"Zikumveka chikalekale," anatero bambo aja akugwedeza mutu. Kenako anandiyandikira n'kunong'ona, "Kodi kokadzithandiza ndi kuti?"

Ndinawatsogolera kwa a Kalipentala, ndikunamizira kuti ndikuwaonetsa dera. Tinapeza chitseko chotseka. A Kalipentala anali atapita kukagula misomali, kiyi ali m'khosi. Tinabwerera, bambo aja akuyenda timasitepe tifupitifupi, thukuta lili kamukamu. Tikulowa pageti, galimoto ija nayo inaima, Adokotala n'kutsika akumwetulira mpaka m'makutu.

"Bambo, zatuluka. Makala ndi njere zagwirizana. Zaka pafupifupi mazana asanu ndi awiri."

Ndinayang'ana asewere anga kuti amve bwino. Onse a m'nyumba anali atatuluka.

"Auzeni za khitchini ya mfumu," ndinatero.

"Khitchini? Ayi, si khitchini. Njere zija ndi za zipatso, zambirimbiri, zosaphika, zosasinja. Ndi zija munthu amameza n'kutuluka nazo zili zonse. Makala ndi phulusa ankathiramo pofuna kupha fungo. Bambo, mwapeza chimbudzi cha anthu akale, chosungika bwino kwambiri. N'chosowa zedi. Pabwalo ponse pano pasakumbidwenso."

Asewere anga anatulutsa kampango m'thumba la suti, natembenuka mwaulemu, n'kuyamba kupukuta lilime. Ine kanjere kanga kanali katapita kale, ulendo wake wachiwiri.

Mayi a kunyumba anayandikira dzenje lija, manja ali m'chiuno, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Mwamva, bambo a ana? Anthu opanda fosholo, opanda simenti, chawo anamaliza. Inu ndi tayi yanuyo muli pati?"

Ukwati unachitika ndithu, ana anakondana okha. Kungoti asewere anga salandira chilichonse chochokera m'dzanja langa, ngakhale switi ya m'pepala, ndipo akamabwera kwathu amayamba asala kudya. Dzenje lija a zinthu zakale analimangira khoma, denga labwino, chitseko chopaka utoto ndi loko. M'dera lonse mulibe chimbudzi chokongola ngati cha pakhomo panga, anthu amachokera kutali kudzachijambula. Kungoti n'choletsedwa kulowamo.

Ndiye inu, basi ikabwera muiuze indidikire. Ndiyambe ndalowa cha pa sitejichi, chifukwa a Kalipentala lero apita kumaliro, ndipo kiyi apita naye.