Kope Langa Lili Pansi pa Mwendo wa Thebulo Lanu

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yokonza Msonkhano wa Alembi a Mafilimu.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndagwada. Mundikhululukire kuti munthu wometa anthu tsitsi ngati ine ndikulembera inu, amene dzina lanu silitchulidwa asanatsogoze maudindo atatu. Ndikanakonda kukuonani pamaso, ndipo ndabweradi kanayi ku ofesi kwanu, koma amayi olandira alendo amandiuza ulendo uliwonse kuti muli pa msonkhano. Ndiye poti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndati ndilembe poyera, mwina mungaiwerenge muli pa msonkhano pomwepo.

Simungandikumbuke. Ndine uja ndinakhala mzere womaliza, pafupi ndi khomo lopita kuchimbudzi, pa msonkhano wa masiku atatu umene munatikonzera mwezi watha. Ndinabwera ndi kope lalikulu lachikuto chakuda, momwe muli filimu yanga ya dalaivala wa basi yoyenda mitunda italiitali. Masamba makumi anayi oyambirira analemba ndi achimwene anga, amene anali dalaivala, ali chigonere m'chipatala, ndi peni ya inki yabuluu yobwereka kwa namwino. Atatisiya ndinapitiriza ine kwa zaka ziwiri, kasitomala akanyamuka pampando wina asanakhale. Zovala zawo tinagawana, chithunzi chawo chinazilala pakhoma. Chimene chatsala cha dzanja lawo ndi masamba amenewo, ndipo kope lina palibe.

Tsono ndiloleni ndikuthokozeni mwatsatanetsatane.

Choyamba, maphunziro. Katswiri woyamba anatiphunzitsa kuti filimu yabwino imayamba mphindi yoyamba yomweyo, osataya nthawi ya oonera. Anatiuza zimenezi cha m'ma 2 koloko masana, popeza mwambo wotsegulira wa 8 koloko unayamba 11 koloko, ndipo kulonjera alendo olemekezeka mmodzimmodzi kunadya ola lathunthu. Katswiri wachiwiri anati mlembi wa filimu azionetsa zinthu, asamazifotokoze. Makina oonetsera zithunzi anakana kuyaka, ndiye anatifotokozera pakamwa maola atatu zimene tikanaona. Wachitatu anali woyenda, watsika ndege m'maiko ambiri. Munthu wina atamufunsa kuti anapangapo filimu iti, anayankha kuti funso limenelo ndi lakuya ndipo lidzayankhidwa pa msonkhano wa chaka chamawa. Ndinazilemba zonsezi kuseri kwa pulogalamu, chifukwa kope langa linali litachoka kale m'manja mwanga.

Chachiwiri ndiye chimene sindidzaiwala. Tsiku loyamba lija munalengeza kuti aliyense amene wabwera ndi zolemba zake aziponye m'katoni imene inali pambali pa thebulo lanu, kuti akatswiri aziwerenge. Ndinalifungatira kope langa kanthawi. Mayi wina amene tinakhala limodzi anandikoka malaya n'kunena kuti, "Bambo inu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwalichulukitsa pa fotokope limenelo?" Ine ndi mtima wofuna kudziwika ndinanyamuka n'kukaliponya.

Thebulo lanu, bwana, linali ndi mwendo umodzi waufupi. Mukati mulimenye potsindika mfundo, mabotolo a madzi amagubuduka, maluwa n'kuweramira alendo. Munatembenuka n'kulamula kuti apeze kanthu aike pansipo. Wachiwiri wanu, munthu wochangamuka, anapisa m'katoni muja. Anayesa zolemba za wina, zinachepa. Anayesa za wina, thebulo linapendekera kwina. Atayesa kope langa, linakwana ngati anachita kuyeza. Ndinamva kunyada kumene sindinakumvepo. Mwa zolemba zonse zimene zinali m'katoni, langa lokha ndi limene linafika pa thebulo la akuluakulu, ndipo linasenza maluwa, mabotolo ndi zigongono zanu masiku atatu osadandaula. Ndinayesa kawiri kupita kutsogolo kukaliona, koma oyang'anira pakhomo anati kumeneko n'kwa ovala mabaji ofiira, langa linali loyera.

Chachitatu n'chachifupi. Tsiku lomaliza, ola lomaliza, inu mwini munatipatsa langizo loposa onse: mlembi asamapereke zolemba zake kwa munthu aliyense asanazichulukitse. Holo yonse inaomba m'manja. Nanenso ndinaomba, mayi uja akundiyang'ana.

Chachinayi, kalata imene munanditumizira patatha milungu iwiri, yokhala ndi chidindo komanso siginecha yanu yokongola. Munati akatswiri awerenga filimu yanga mosamala kwambiri, ndipo aona kuti mtsikana wa mu nkhaniyo ndi wofooka, komanso chikondi chake ndi mnyamatayo chafulumira. Ndinakhala pansi, bwana. M'filimu yanga muli dalaivala, kondakitala ndi nkhalamba ina yokakamira kukwera ndi makina osokera. Mtsikana mulibemo. Ndinayamba kudzikayikira kuti kapena anakwera basi ine ndisakuona. Mwamwayi kunabwera kudzameta mphunzitsi wina amene tinali naye ku msonkhano, ndipo anatulutsa kalata yake. Filimu yake ndi ya timu ya mpira ya amuna okhaokha, koma nayenso mtsikana wake ndi wofooka ndipo chikondi chafulumira. Apa m'pamene ndinadziwa kuti munatibweretsera akatswiri enieni. Kuwerenga kope lotseka, lopsinjidwa ndi mwendo wa thebulo, si luso la munthu wamba.

Chachisanu. Msonkhano utatha, thebulo lija munalikonda n'kulitengera ku ofesi kwanu, komwe pano likusenza ketulo ndi makapu. Kope langa linasamuka nalo limodzi, poti tsopano limawerengedwa ngati chiwalo cha thebulolo. Ndaliona ndi maso angawa, lili pakona kuseri kwa chitseko. Nditapempha kuti ndilitenge, amayi olandira alendo aja anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Pepani bambo, cha muno sichituluka popanda siginecha ya abwana. Nanga ketulo ikagwa, ayankhe ndani?" Sindikuwadandaula, akusunga ntchito.

Amene ndikufuna kuwayamika mwapadera ndi mayi okolopa mu ofesi yanu. Ndi akhama zedi, m'mawa uliwonse amathira madzi osaumira, ndipo pakona sadumphapo. Kope langa linagonekedwa chafufumimba, kutanthauza kuti masamba oyambirira ndi amene ali pansi. Ulendo watha ndinagwada ngati ndikumanga chingwe cha nsapato kuti ndilisuzumire. Chikuto chafufuma, ndipo m'mphepete mwa masamba mwayamba kuoneka buluu. Ine ndimalemba ndi peni yakuda.

Pano pokha, bwana, ndileke kuseka. Zikundipweteka. Zanga zomwe ndinalemba ndikhoza kuzilembanso, mutu ndikadali nawo. Koma achimwene sadzagwiranso peni, ndipo akusungunuka pang'onopang'ono m'madzi a sopo ine ndikuyang'ana.

Kunyumba nako sikuli bwino. Alamu anga, mkazi wa malemuwo, amandifunsa Lamlungu lililonse kuti kope la abambo a ana awo lili kuti. Ndimawauza kuti lili ndi akuluakulu ndipo sakufuna kulisiya, lawathandiza kwambiri. Bodza pamenepo palibe. Telala wa pafupi ndi shopu yanga, amene ndinamusankha kuti adzasewere ngati dalaivala, wasunga ndevu miyezi isanu mwa lamulo langa. Taganizani, wometa kuletsa kasitomala wake kumeta! Mkazi wake wamusamutsira pabalaza mpaka filimu idzajambulidwe kapena ndevu zidzachoke, ndipo mayiwo akadutsa pakhomo panga sandipatsanso moni.

Komabe musaganize kuti ndinabwerako chimanjamanja. Ndayamba filimu yatsopano, ya thebulo la mwendo waufupi limene limayenda m'misonkhano n'kumadya zolemba za anthu. Imeneyi ndaichulukitsa kale kanayi, monga munatilangizira. Ndaikamonso mtsikana, kuti akatswiri anu asadzavutike.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo silikuchotsani pa msonkhano. Tsiku lomanga nsapato lija ndinayeza kukula kwa kope langa ndi chipeso cha m'thumba. Kalipentala wa kuseri kwathu wandipalira kathabwa kolingana ndendende, kosalala, kopaka vanishi, kosaopa madzi. Ndibwera nako Lolemba 7 koloko m'mawa, ndowa isanalowe mu ofesi. Thebulo ndidzanyamula ndekha, ketulo sidzagwedezeka. Inu mungosiya siginecha yanu yokongola ija pa kapepala kalikonse. Akatswiri anu akafuna kukawerenganso kathabwako mosamala kwambiri, ndilibe nazo vuto, kalata yake muli nayo kale.

Ngati siginecha ili yodula kwambiri, ndiye chonde, bwana, mungouza mayi okolopa aja kuti adumphe kona imeneyo mpaka Lolemba. Achimwene anga masamba amenewo ankalemba tsamba limodzi tsiku lonse.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zipsera,

Wometa wa mzere womaliza,
wa baji loyera.