Vanishi m'madirowa a Eneless

Lolemba

Kabati yafika pa ngolo. Ya mtengo wa mukwa, ya madirowa anayi. Ndagula kwa mphunzitsi amene akubwerera kwawo ku Kitwe. Mkazi wanga Eneless abwera Lamulungu kuchokera kwa amayi ake ku Nsefu, atabereka kumbuyo mwana wathu woyamba, ndipo ndikufuna akapeze zovala za mwanayo zili pamalo aulemu, osati m'katoni.

Kuloji ya alendo komwe ndimagwira ntchito andipatsa vanishi wotsala. Ndapaka kutsogolo kokha kuti ndione. Ambuye! Thabwa lotuwa lija latulutsa mizere yofiira ndi yagolide, yopindapinda ngati madzi a Luangwa pokhota. Mtengowu unabisa zonsezi zaka zingati? Ndaiwala kudya.

Lachiwiri

Funso ndi la m'kati: m'mbali mwa madirowa ndi timatabwa tomwe amatsetserekapo. Ndipake kapena ndisiye?

A Sakala, dalaivala wa kuntchito: "Musayese, bwana. Kwechani kandulo basi."
Alamu anga a Jelasi: "Pakani ponse, alamu. Chiswe cha kuno sichiona nkhope."
Eneless pafoni: "Ingopukutani fumbi, atate ake mwana."

Atate ake mwana. Dzinali landilowa mpaka m'mafupa. Munthu wotchedwa choncho sangangopukuta fumbi.

Lachitatu

Ndapaka. M'mbali, pansi, pa timatabwa, ngakhale m'makona momwe palibe diso lidzafikamo. Kenaka ndabwereza, chifukwa kachiwiri kamawala kuposa koyamba. Ndikasuzumira m'dirowa ndikuona mphuno yanga. Amayi a pa nyumba yoyandikana abwera kudzapempha moto, aima pakhomo manja ali pakamwa, abwerera osatenga moto.

Lachinayi

Ndakhudza ndi chala, zikuoneka zouma. Ndalongedza:
matewera,
tizipewa toluka,
shawelo yoyera yomwe apongozi anatumiza,
chitenje chatsopano cha Eneless.

Madirowa alowa mothina pang'ono, ndathandizira ndi bondo. Masana mitambo yadetsa kumapiri, ndipo mvula yoyamba yagwa. Fungo la dothi ndi fungo la vanishi m'nyumba imodzi. Ndine munthu wodala.

Lachisanu

Sakutseguka. Onse anayi.

Ndakoka ndekha, zii. A Jelasi agwira kabati ine ndikukoka, zii. Taitana a Sakala ndi anyamata awiri, anthu omwe amatulutsa galimoto ya alendo m'matope a m'dambo ndi mapewa okha. Kabati yonse yayenda mpaka pakhomo, ife tili pambuyo pake, koma dirowa ngakhale limodzi silinasunthe. Chogwirira chatsala m'manja mwa a Jelasi.

A Sakala sanandidzudzule. Angovula chipewa n'kuyang'ana. "Njovu ndaziona," atero, "koma mphamvu iyi ndi yachilendo."

Nanenso sindikwiya, ndikuchita mantha aulemu. Mtengo unadulidwa ine ndisanabadwe, koma ukumva kuti kunja kwagwa mvula n'kumafufuma. Kodi unafadi?

Loweruka

Zomwe ndayesa:
kuiyanika padzuwa (mvula yabweranso),
mafuta ophikira m'mipata (nyerere zathokoza),
mpeni wa kukhitchini (tsopano tili ndi mipeni iwiri yaifupi).

Eneless waimba foni. Akuti asanyamule zambiri za mwana, si zonse zili kunyumba? Ndayankha kuti zili pamalo otetezeka kwambiri. Sindinaname. Mwana wanga agona mu chiyani mawa?

Madzulo a Jelasi abwera ndi hamala ndi tchizulo. Kutsogolo ndakana, ndaimapo ndi thupi langa. Talowera kumbuyo: tachotsa pulayiwudi yotchinga kumbuyoko, kenaka thabwa lakumbuyo la dirowa lililonse. Zovala zatuluka. Shawelo yasiya ubweya wake pansi pa dirowa, ndipo zonse zikununkha ngati shopu ya penti. Ndachapa mpaka zala zachita makwinya.

Lamulungu

Afika. Mwana ndi wamng'ono kuposa momwe ndimaganizira, ndipo ali ndi makutu anga. Zala zake zili ndi zikhadabo zenizeni. Ndamuyang'ana mpaka mkono wachita dzanzi.

Eneless wazungulira kabati, wasisita kutsogolo, wasuzumira kumbuyo. "Yakongola," watero. "Tsono itembenuzeni, ndizitha kufikira matewera."

Ndaitembenuza. Mizere yagolide ija yayang'ana kukhoma, ife tikuona mabowo anayi ndi misomali yopindika. Khoma lathu lili ndi mwayi.